Chisa pa Tayi ya Adadi

Khumbo ankafuna chiweto. Sankafuna chachikulu. Ngakhale kakang'ono kakanamukwanira.

Khumbo ankakhala ku Dubai, kudera la Al Barsha. Ankakhala ndi Amami ndi Adadi. Nyumba yawo inali m'mwamba, pamwamba pa nyumba zina. Pokwera kwawo ankalowa m'chikepe.

Khumbo anapempha galu. Adadi anati galu amauwa.

Khumbo anapempha mphaka. Adadi anati mphaka amakanda mipando.

Khumbo anapempha nkhuku. Adadi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati kuno si ku Ntcheu.

Amami anamupatsa duwa. Duwalo linali mumphika, pakhonde.

"Chiweto chako ndi ichi," anatero Amami. "Sichiuwa. Sichikanda."

Khumbo anathokoza. Ankalithirira m'mawa uliwonse. Duwa linakula. Linatulutsa maluwa ofiira, aatali ngati timalipenga. Khumbo ankalikonda. Koma duwa silithamanga. Duwa siliyankha ukaliitana.

Dzina la Adadi linali Overton. Kuntchito ankakonza makina oziziritsa nyumba. Koma Lamlungu sankakonza kanthu. Lamlungu anali Wapampando.

Anali Wapampando wa bungwe la Amalawi a ku Al Barsha. Bungwelo silinali lalikulu. Onse ankakwana m'chikepe chimodzi. Malo ankatsalanso.

Wapampando anali ndi tayi. Anaisoka telala wa ku Balaka. Inali yakuda, yofiira ndi yobiriwira. Inali yaitali kufika palamba.

Akavala tayiyo, Adadi ankasintha. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankatsokomola asanalankhule. Kenako ankalankhula. Ankalankhula mpaka tiyi kuzizira.

Bungwe linali ndi ntchito yake. Linkalandira alendo ochokera kumudzi. Linkapitanso kukaona ana obadwa kumene.

Mlendo akafika, Adadi ankaimirira. Ankatsokomola. Ankati, "Mlendo ndi mame. Mlendo sathamangitsidwa."

Khumbo ankawadziwa mawuwo ngati nyimbo.

Anti Hildah, a m'bungwe lomwelo, atabereka mwana, Khumbo anafuna kukamuona tsiku lomwelo. Adadi anakana. Anati mayi ndi mwana amayamba akhala kaye m'chikuta. Amakhala m'nyumba, phee. Palibe wowasokoneza.

"Wa m'chikuta sasunthidwa," anatero Adadi. Ananena chala chili m'mwamba.

Khumbo anawasunganso mawuwo.

Tsiku lina kumsonkhano, Adadi anamaliza kulankhula. Anawerama kuti athokoze anthu. Tayi inawerama kuposa iwo. Inalowa mumsuzi wa nyemba.

Adadi anaichapa okha. Anaiyanika okha pachingwe cha pakhonde. Anaipana ndi mapegi. Kenako anaitana Amami ndi Khumbo.

"Tayi iyi musaikhudze," anatero. "Woanula ndine ndekha."

Amami anati chabwino. Khumbo anati chabwino.

Tayi inauma. Adadi anaiwala.

Amami sanaiwale. Ankaiona tsiku lililonse. Koma lamulo ndi lamulo. Tayi inakhala pachingwe.

M'mawa wina Khumbo ankathirira duwa lake. Anamva timawu.

Tswii. Tswii.

Khumbo anayang'ana kumanzere. Kunalibe kanthu. Anayang'ana kumanja. Kunali mbalame.

Inali yaing'ono kwambiri. Kutalika kwake kunali ngati chala cha Adadi. Pamthunzi inkaoneka yakuda bii. Koma itadumphira padzuwa, inasintha. Inanyezimira. Mutu unali wa buluu. Chifuwa chinali cha pepo. Inkawala ngati nsapato za Adadi za Lamlungu.

Mlomo wake unali wautali. Unali wopyapyala. Unali wopindika ngati singano yosokera matumba.

Mbalame inalowetsa mlomo m'duwa. Lilime lake linali lalitali ngati ulusi. Inatsopa timadzi totsekemera. Inapita paduwa lina. Inatsopanso. Penapake inaima m'malere, ikukupiza mapiko mofulumira.

Khumbo sanagwedezeke. Madzi ankatayikira pamapazi ake. Iye sanamve.

Mawa lake mbalame zinabwera ziwiri. Yachiwiriyo sinkanyezimira. Kumsana inali yotuwa. Kumimba inali yachikasu. Koma mlomo unali womwewo.

Khumbo anaitana Amami monong'ona. Amami anabwera akupukuta m'manja. Anati yonyezimirayo ndi yaimuna. Yosanyezimirayo ndi yaikazi. Anati kumudzi ziliko zofanana nazo. Zimakonda maluwa a nthochi.

Yaimuna inakhala pachitsulo cha khonde. Inatukula mutu. Inayamba kuimba.

Yaikazi sinaimbe. Inayang'ana chingwe. Inayang'ana mapegi. Inayang'ana tayi. Tayiyo inaiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako inauluka. Inabwera ndi ulusi wa kangaude. Inaukulunga kunsonga kwa tayi. Inaulukanso. Inabwera ndi ulusi wina. Inakulunganso.

Yaikazi inkamanga. Yaimuna inkaimba.

Yaikazi inabweretsa udzu wouma. Inabweretsa timasamba. Inabweretsa kathonje. Inatola ndi tsitsi la Khumbo lotsalira pachipeso.

Yaikazi inkamanga. Yaimuna inkaimba.

Amami anayang'ana yaimuna ija. Kenako anayang'ana m'nyumba. Adadi anali pampando, miyendo ili patebulo. Ankayeserera mawu a msonkhano wotsatira. Amami anabwerera kukhitchini.

Chisa chinakula. Chinkalendewera ngati kathumba. Khomo lake linali m'mbali. Pamwamba pa khomo panali kadenga. Kunja chinkaoneka ngati zinyalala. Koma m'kati munali mofewa.

Khumbo anafunsa Amami ngati awauze Adadi.

"Anati tisaikhudze," anatero Amami. "Ife taikhudza?"

Khumbo anati ayi.

"Basitu."

Adadi sankapita pakhonde. Ankati pakhonde palibe makina oziziritsa. Choncho sanaone kanthu.

Tsiku lina yaikazi inapita kukadya. Amami anamunyamula Khumbo. Khumbo anasuzumira pakhomo la chisa. Sanagwire. Anangosuzumira.

Munali timazira tiwiri. Tinali tating'ono ngati nyemba. Tinali ndi timadontho.

Yaikazi inabwera. Inalowa m'chisa. Inakhala pamazira. Mlomo wokha ndi umene unkaonekera pakhomo.

Khumbo anasangalala. Chiweto chake chinabwera chokha. Sichinkauwa. Sichinkakanda mipando.

Lamlungu la msonkhano linafika. Kunali mlendo watsopano. Dzina lake linali Anti Kelly. Anali namwino, ndipo anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi. Msonkhano unali kunyumba kwa a Foster, mnzawo wa Adadi.

Adadi anavala malaya oyera. Anapukuta nsapato. Anapesa tsitsi. Kenako anayamba kufuna tayi.

Anafuna m'kabati. Munalibe. Anafuna m'sutikesi. Munalibe. Anafunsa Amami kuti tayi aika kuti. Amami anawakumbutsa kuti woanula ndi mmodzi yekha.

Adadi anatsegula chitseko cha pakhonde. Anaima. Anayang'ana.

"Ndani wapachika zinyalala pa tayi yanga?"

Anatambasula dzanja.

Khumbo anathamanga. Anaima pakati pa Adadi ndi tayi.

"Adadi, si zinyalala," anatero. "Ndi nyumba. Muli mazira."

Adadi anati ku Dubai munthu samanga nyumba popanda chilolezo. Anati iwo sanapereke chilolezo kwa wina aliyense. Anati achotsa chisacho bwinobwino. Achiika mumphika wa maluwa.

Amami anali pakhomo. Analankhula motsitsa. Anati chisa chikachoka, mbalame ithawa. Sibweranso. Mazira azizira. Saswa.

Adadi anayang'ana wotchi. Nthawi inali itatha.

"Amake Khumbo, mlendo akudikira," anatero. "Wapampando sangalandire mlendo khosi lili pamtunda."

Anatambasulanso dzanja.

Khumbo sanasunthe. Anaganiza. Anaganiza msanga. Kenako anatsokomola. Anatsokomola ngati Adadi.

"Mlendo ndi mame," anatero Khumbo. "Mlendo sathamangitsidwa."

Adadi anati mawu amenewo ndi a anthu. Si a mbalame.

Khumbo analoza kamlomo pakhomo la chisa. Anakweza chala m'mwamba.

"Ali m'chikuta, Adadi. Wa m'chikuta sasunthidwa."

Adadi anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Anafunsa kuti wamuuza zimenezo ndani.

"Wapampando," anatero Khumbo.

Adadi anakanda m'mutu. Kutsutsana ndi mwana ndi kosavuta. Kutsutsana ndi Wapampando ndi kovuta.

Anawerama. Anayang'ana m'chisa. Kadiso kakuda kanawayang'ana. Sikanaphethire. Mbalame inkaopa, koma sinachoke pamazira ake.

Dzanja la Adadi linatsika pang'onopang'ono.

"Nanga ine ndivala chiyani?" anafunsa.

Khumbo anathamangira kuchipinda. Anabwera ndi tayi yake ya kusukulu. Inali ya lastiki. Inali yaifupi. Anaipereka ndi manja awiri.

Adadi anaiyang'ana. Anayang'ana wotchi. Anayang'ana Khumbo. Kenako anaivala.

Tayi inathera pabatani lachiwiri.

Adadi anaima pagalasi. Amami anapita kukhitchini mofulumira. Anatseka chitseko. Kunamveka ngati akutsokomola. Koma sankatsokomola.

"Yalla," anatero Adadi. "Tiyeni."

A Foster anatsegula chitseko. Anapereka moni kwa Amami. Anapereka moni kwa Khumbo. Kenako anaona tayi.

"Achimwene, tayiyi yafota ndi dzuwa?"

"Inayo ndabwereketsa," anatero Adadi.

A Foster anafunsa kuti kwa ndani.

"Kwa banja lina longofika kumene. Likuyembekezera ana."

Anti Kelly anali atakhala pakona. Chikwama chinali pamiyendo. Ankachigwira ndi manja onse. Maso awo anali ofiira. Ankasowa kwawo.

Adadi anaimirira. Anatsokomola. Lastiki inawafinya pakhosi. Anati mlendo ndi mame. Lastiki inawafinyanso. Anati takulandirani. Kenako anakhala pansi.

Anthu anayang'anana. Tiyi anali akadali wotentha. Zimenezi zinali zisanachitikepo.

A Foster anafuna kumva za banja lija. Adadi anati Khumbo afotokoze. Khumbo anafotokoza za duwa. Anafotokoza za mlomo wopindika. Anafotokoza za chisa ndi timazira tiwiri.

Anti Kelly anamvetsera. Anayang'ana tayi yaifupi. Pakamwa pawo panayamba kugwedera. Kenako anaseka. Anaseka mpaka chikwama kugwa pansi.

"Ngati mumalandira ndi mbalame zomwe," anatero, "ndiye kuti ndafika kwathu."

Adadi anagwira katayi kaja. Anakakonza bwinobwino. Anati ndi mmene bungwe limagwirira ntchito.

Loweruka lina masana, kunja kunasintha. Kumwamba kunachita chikasu. Nyumba zazitali zinasowa. Inali mphepo ya mchenga.

Khumbo anayang'ana pagalasi la chitseko. Tayi inkapita uku. Tayi inkapita uko. Chisa chinkapita nayo. Pegi imodzi inadumpha. Inagwa pansi.

Tayi inayamba kutsetsereka pachingwe.

"Adadi, chisa chikugwa!"

Adadi anali pampando. Sanatsokomole. Sanavale ndi nsapato zomwe. Anathamangira pakhonde. Anagwira tayi pamwamba, pachingwe penipeni. Anaigwira zolimba.

Khumbo anabwera ndi mapegi. Anapereka imodzi. Adadi anapana. Anapereka ina. Adadi anapananso. Amami anabwera ndi chitenje. Anachimanga kumbali kochokera mphepo.

Mchenga unalowa m'tsitsi la Adadi. Unalowa m'makutu. Akati alankhule, unkalowa m'kamwa. Choncho sanalankhule. Wapampando anagwira ntchito yonse ali chete.

Mphepo inatha. Chisa chinali pomwepo. Kamlomo kanali pakhomo.

Adadi analowa m'nyumba atatuwa mbuu. Amami anawapatsa madzi. Khumbo anawakumbatira mwendo.

"Zikomo, Adadi."

Adadi anati iwo ankapulumutsa tayi yawo. Amami anati palibe amene watsutsa.

M'mawa wina Khumbo anamva timawu tatsopano. Tinali tating'ono kwambiri. Tsi, tsi, tsi.

Mazira anali ataswa.

Amami anamunyamulanso. Munali tiana tiwiri. Tinalibe nthenga. Maso anali otseka. Milomo inali yaifupi, koma inali yasaa. Tinkafuna chakudya.

Khumbo anafunsa chifukwa chake milomo si yaitali. Amami anati ikula. Anati nayenso anabadwa wopanda mano.

Yaikazi inkapita. Yaikazi inkabwera. Sinkabweretsa timadzi ta maluwa tokha. Inkabweretsa tiakangaude. Inkabweretsa timbozi ndi tizilombo tina. Tiana tinkameza. Tinkayasamulanso.

Amami anasiya kusesa akangaude a pakhonde. Anati amenewo ndi ndiwo za alendo.

Tsiku lina Khumbo anaona zodabwitsa. Yaimuna inasiya kuimba. Inauluka. Inabwera ndi kambozi kukamwa. Inadyetsa kamwana kamodzi. Inapitanso kukafuna kena.

Amami anaitana Adadi.

"Bambo a Khumbo, tabwerani muone mnzanu."

Adadi anabwera. Anaona. Anabwerera m'nyumba.

Tsiku limenelo Adadi anatsuka mbale. Anatsuka ndi mapoto omwe. Palibe amene anawafunsa chifukwa chake.

Tiana tinamera nthenga. Maso anatseguka. Milomo inayamba kutalika. Adadi anati chikuta chatha. Anati bungwe libwere lidzaone ana.

Bungwe linabwera. Linakwana m'chikepe chimodzi. Koma ulendo uno malo sanatsale. Aliyense ananyamula mphika wa maluwa.

Kwa mwana wa munthu amapita ndi sopo. Amapita ndi zitenje. Koma mwana wa mbalame sasamba ndi sopo. A Foster anabweretsa maluwa achikasu. Anti Hildah anabweretsa oyera, mwana wawo ali kumbuyo. Anti Kelly anabweretsa ofiira, ambiri. Maso awo sanalinso ofiira.

Onse anaima kuseri kwa galasi. Ankalankhula monong'ona. Timitu tiwiri tinasuzumira pakhomo la chisa.

A Foster anati anawo afanana ndi mayi awo. Anti Hildah anati ndi bwino choncho. Adadi anavala katayi ka Khumbo, ndipo nawonso ananong'ona. Wapampando wonong'ona anali asanaonekepo.

Khonde linadzaza maluwa. Khumbo anathokoza aliyense. Anathokoza akuwomba m'manja.

Kenako tsiku lotuluka linafika. Linali m'mawa, dzuwa lisanapse. Kamwana kamodzi kanaima pakhomo la chisa. Kanayang'ana pansi. Kanayang'ana kumwamba. Mayi ake ankakaitana ali pachingwe.

Kanadumpha. Kanatera pachingwe. Kanagwedera, koma sikanagwe.

Kachiwiri kanachedwa. Kanatulutsa mutu. Kanabwezanso. Kanatulutsanso. Khumbo anagwira dzanja la Amami. Kenako nako kanadumpha.

Adadi anati alendo sachoka popanda mawu otsanzikana. Anaimirira bwino. Anakonza kolala. Anatsokomola.

Pomaliza kutsokomola, mbalame zonse zinali zitapita. Zinali mumtengo wa kumsewu.

Khumbo analira pang'ono. Amami anamupukuta misozi. Anati mame akamuka. Koma maluwa atsala. Mbalame siiwala pamene inadya.

Adadi anapita pachingwe. Anachotsa mapegi. Anaanula tayi yawo.

Tayi inali itasuluka ndi dzuwa. Pakuda panatuwa. Pofiira panayera. Inali ndi madontho a zitosi. Chisa chinali chikulendewerabe kunsonga.

Adadi anaitembenuza uku ndi uku. Khumbo anawayang'ana. Anafuna kupepesa.

Koma Adadi anaibweza pachingwe. Anaipananso ndi mapegi onse.

"Tayi iyi musaikhudze," anatero. "Mwina kubweranso alendo."

Amami anati chabwino. Khumbo anati chabwino.

Nyengo yotentha inafika. Kunja kunali ngati m'ng'anjo. Khumbo ankathirira maluwa m'mamawa. Miphika inali yambiri tsopano. Adadi ankanyamula ndowa. Khumbo ankanyamula kapu.

Mbalame zinkabwera mwa apo ndi apo. Zinkatsopa msanga ndi kupita. Koma yonyezimira ija sinkaoneka. Khumbo ankaidikira. Ankayang'ana kumanzere. Ankayang'ana kumanja. Sinkaoneka.

Nyengo yotentha inadutsa. Kamphepo kanayamba kuwomba. Lamlungu lina m'mawa, Amami anatulutsa mipando pakhonde. Anathira tiyi m'makapu.

Tswii. Tswii.

Khumbo anatembenuka. Pachitsulo cha khonde panali mbalame. Inakhala pamalo omwe aja. Inatukula mutu chimodzimodzi. Koma sinkanyezimira. Kumsana inali yotuwa. Kumimba inali yachikasu.

Khumbo anafunsa ngati ndi yaikazi ija. Amami anayang'anitsitsa. Anati ayi, ndi yaimuna. Anati ikatha kulera ana, imasintha nthenga. Imavula zonyezimira zija. Imadzazivalanso nthawi yomanga chisa ikayandikira.

Mbalame inatembenuka. Inaonetsa chifuwa.

Pachifuwa panali mzere wakuda. Unayambira pakhosi. Unatsika pakati penipeni. Unafika kumimba.

Khumbo anagwira pakamwa.

"Adadi," ananong'ona. "Yavala tayi."

Adadi anavala magalasi. Anasendera pafupi. Anayang'ana mzere wakuda uja. Anauyang'ana kuyambira pakhosi mpaka kumimba.

Anati tayiyo ndi yaitali bwino. Anati mbalameyo yabwera kudzathokoza, ndipo yavala moyenera. Anati zikuoneka kuti yaphunzira kwa wina wake.

Mbalame inalowetsa mlomo m'duwa la Khumbo. Inatsopa. Inapita paduwa la Anti Kelly. Inatsopanso.

Adadi anaimirira. Anatsokomola. Amami anayang'ana tiyi wawo. Khumbo anayang'ana tiyi wake.

Adadi anayang'ana mbalame. Anayang'ana chisa chakale pachingwe. Kenako anayang'ana Khumbo. Anamugwira pamutu.

"Zikomo," anatero.

Anakhala pansi.

Onse atatu anamwa tiyi akadali wotentha.